Kukafuna Dothi la Yohane ku Oakville

Tinanyamuka ku Scarborough m'mawa wa Loweruka, ine ndi apongozi anga a Nabanda, mkazi wa mwana wanga, amene ankagwira ntchito ya unamwino ku Toronto. Munali m'zaka za m'ma 1970, masamba atayoyoka m'mitengo. Ndinavala chikhothi cha mwana wanga Yohane. Chinandikulira, manja osaoneka.

Yohane anagwera m'nyanja ya pakati pa Japan ndi Korea ali pa ntchito ya sukulu yake. Mtembo sunapezeke. Kwathu ku Dedza abale anati tiike mvunguti m'manda. Ndinakana. Mwana wanga si chipatso. Ndinati ndikatenga ndekha dothi la pamene wagona, ndilo tidzaike. Ndicho chinandibweretsa ku Canada, kwa mphunzitsi wake wa ku Oakville.

Basi inatisiya pa siteshoni. Matikiti a sitima ndinagula ndekha ndi Chingerezi changa cha Sitandade Sikisi. Wogulitsayo anandifunsa kawiri, ine ndinamuyankha katatu. Sitima itaima pa siteshoni yaikulu ya Toronto, a Nabanda anatulutsa buledi wopana nyama yozizira.

"Idyani bambo, ulendo ukadalipo."

"Nyama imeneyi anaiphika liti?"

"Ndi mmene amadyera kuno."

"N'chifukwa chake saseka."

Ndinadya.

Titatuluka mumzinda, kumanzere kunaoneka nyanja yotuwa. Mayi wina wachizungu anandisunthira kuti ndikhale pawindo ndione bwino. Ndinathokoza, n'kukakhala mbali inayo.

Tinafika ku Oakville masana, ngakhale dzuwa la kumeneko ndi dzina chabe. Mphunzitsiyo anatichingamira pa galimoto. Anali wamtali, wa imvi, wosachedwa kugwetsa misozi. Nyumba yake yaikulu, anthu awiri okha, iye ndi mkazi wake.

Atatipatsa tiyi anayala patebulo pepala lalitali la mizere yokhotakhota. Iye ankalankhula, a Nabanda ankamasulira. Akuti ankatsitsira makina pansi pa nyanja, kenako n'kuphulitsa wonga m'madzi. Phokoso limalowa m'nthaka n'kubwerako, makina n'kulemba. Ndinamva. Ndi mmene amayi amagogodera mbiya pamsika kuti amve ngati ili ndi mng'alu.

"Nanga anamva chiyani?" ndinafunsa.

Akuti kuseri kwa zilumba za Japan dziko linakokeka n'kung'ambika kalekale, madzi n'kudzazamo. Thanthwe la pamwamba ndi lopyapyala, la pansi pake ndi lotentha. Analoza mzere wina ndi chala. Umenewo, akuti, anaupeza ndi Yohane.

Ndinauyang'ana. Unali mzere basi.

"A Nabanda, auzeni. Sindinadzere mapepala. Ndikufuna dothi la pamalopo."

Anamuuza. Mzunguyo anafiira. Anati madziwo ndi akuya kwambiri, munthu sangafikeko, ndipo malo enieni sadziwika chifukwa madzi amayenda. A Nabanda anamasulira theka, mawu n'kuwathera. Chotsalacho ndinachimva ndekha.

Ndinaimirira n'kutenga chipewa. Mphunzitsiyo anandigwira mkono, chinthu chimene munthu sandichita. Anatitengera m'garaja. Munali chitsulo chonga diramu laling'ono, cha miyendo itatu, chimodzi mwa makina aja. Anagwada pa simenti ndi thalauza lake labwinolo, n'kuyamba kupala miyendoyo ndi mpeni wa kukhitchini. Panagwa timatope touma, totuwa, tosadzaza ngakhale sipuni.

"Akuti makina awa anawatsitsa ndi Yohane," anatero a Nabanda. "Anakhala pansi pa nyanjayo."

"Pamene iye wagona?"

Mzunguyo anapukusa mutu. Sananame.

"Kaya ndi pafupi kaya ndi patali, sakudziwa, bambo."

Ndinamanga timatopeto m'kampango. Tinabwerera ku siteshoni. Sitima itangonyamuka a Nabanda anatambasula manja onse awiri. Ndinawapatsa kampangoko, ndipo anakagwira mpaka ku Scarborough. Pamenepo ndi pamene ndinakumbuka kuti wafedwa sindine ndekha.

Ndinapita kukafuna malo a mwana wanga, ndinabwerako ndi dothi la dera lake chabe. Anthu ophunzira aja amadziwa za pansi pa nthaka ya pansi pa nyanja, koma munthu mmodzi sangakulozereni. Kwathu ndinawauza zoona, kuti dothili si la pamalo penipeni. Akuluakulu anang'ung'udza. Ndinati amene ali ndi lina abweretse. Tinakumba manda.