Mwana wozolowera msana

Koleji ndinaisiya mimba itayamba kuoneka, ndipo wina asandifunse ngati ndidzabwererako. Bambo wa mwanayo anazimiririka. Ine ndinatsala ku Wheaton m'kanyumba ka amayi, ndikugwira ntchito yosambitsa ndi kudyetsa okalamba, yomwenso iwo akhala akugwira chibwerereni ku America.

Amayi ankagwira usiku, ine masana. Akaweruka m'mawa ankandilandira mwana pakhomo, n'kumuponya kumbuyo, chitenje n'kumanga. Kuphika, kuchapa, kukwera basi, mwana ali pamsana. Kugona ankangowodzera patebulo. Tsiku lina anagwa m'khitchini, ndipo dokotala anati akapanda kumagona masana tiwaika m'manda.

Ndiye ndinakapempha chithandizo chimene boma limapereka kwa makolo apantchito, cholipirira malo osamalira ana, omwe kuno timangoti deikeya. Anandizunguza mpaka ndinatsala pang'ono kutukwana munthu, koma chinatuluka. Mfundo yake ndinaimva bwino: amakuthandiza chifukwa uli pantchito. Ntchito ikatha, uyambe kuda nkhawa.

Malo ndinapeza kwa mayi wina wa ku El Salvador amene amalera ana m'nyumba mwake. Munthu waukhondo, wosakalipa. Vuto linali la kwathu. Mwana wanga chibadwireni anali asanagonepo masana popanda msana wa agogo ake. Kudeikeya lamulo ndi loti khanda ligone chagada m'kabedi kake, lokha, popanda ngakhale kansalu. Ankalira mpaka kusanza, anzake onse n'kudzuka. Mayi uja ankapirira, koma zikafika posanza ankandiimbira foni, ine n'kusiya nkhalamba ili ndi sopo kumutu.

Abwana anga sanazungulire. Anati ndikadzachokanso pakati pa shifiti ndisadzabwerenso.

Amayi atamva anati nkhani yake ndi yaing'ono. Anasita chitenje chawo chabwino, n'kunditsatira kudeikeya kuti akaphunzitse mayiyo kubereka. Ndinachita manyazi, koma mayi uja anachilandira ndi manja awiri, n'kuseka. Anati nayenso anakulira m'nsalu kumbuyo kwa amayi ake. Koma msana ali nawo umodzi, ana ndi angapo, ndipo oyendera a boma akapeza khanda likugona pamsana amutsekera. Mwanayo aphunzire kabedi kunyumba, anatero.

Tili m'basi ndinawauza.

“Amayi, kuyambira lero mwanayu musamuberekenso.”

“Ukuletsa ndani? Iweyo ndinakubereka mpaka miyendo ikundimenya m'mawondo.”

“Ndiye taonani mmene ndathera.”

“Pakamwa pakopo mpamene panakuthera, osati msana wanga.”

Loweruka tinayamba. Ndinamugoneka m'kabedi, iye n'kuyamba sipikala yake. Amayi anaima pambali, manja atawapinda kumbuyo ngati wapolisi wawamanga. Thupi lawo linkagwedezeka lokha, uku ndi uku, ngati mwanayo ali pomwepo. Kenako anatuluka. Ndinakawapeza atakhala pamasitepe, akupukuta m'maso.

“Dziko lanji ili? Mwana akulira, akuluakulu awiri tili chilili ngati mitengo.”

“Mukufuna andichotse ntchito? Mukufuna mudzagwenso m'khitchini?”

“Ndikufuna ukhale chete.”

Ndine wosachedwa kupsa mtima, koma apo ndinakhaladi chete. Ndinawasiya pamasitepepo, n'kubwerera kwa mwana.

Anabwerera okha. Anagwada pambali pa kabedi, n'kulowetsa dzanja pakati pa timitengo, kuliika pachifuwa pa mwana. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya yawo, dzanja likugwedeza pang'onopang'ono, mayendedwe omwe aja a munthu wobereka. Zinatenga nthawi, mawondo anachita dzanzi, koma mwana anagona. Ankachita zimenezi masana alionse amene mwana ali pakhomo, akudandaula kuti akulera ngati mlendo. Dzanjalo linkachoka msanga tsiku ndi tsiku. Njirayi amayi anamuonetsanso mayi wa kudeikeya, nyimbo n'kumuimbira pafoni mpaka anaigwira, ngakhale ankaipotoza moti amayi ankatseka makutu.

Lachitatu lina ndinagwira shifiti yonse foni osalira. Ndinkangoitulutsa m'thumba, kuganiza kuti yafa. Madzulo mayi uja anandipatsa mwana akumwetulira, n'kunena kuti wagona bwinobwino.

Kunyumba ndinapeza amayi akuvala yunifolomu.

“Wagona,” ndinatero.

“Yekha?”

“Yekha.”

“Ndiye ntchito sakuchotsa.”

“Sandichotsa.”

Sanaoneke osangalala kwenikweni. Anayang'ana mdzukulu wawo ngati wawapereka kwa adani. Kenako anawerama.

“Bwera naye kuno. Muno si mwa boma.”

“Amayi!”

“Sagona ayi. Ndikungomuonetsa zithunzi zapakhoma.”

Asanamalize n'khoma limodzi lomwe, mwana anali atagwetsa mutu pakati pa mapewa awo. Ndinawasiya. Basi yawo inawathawa tsiku limenelo, ndipo anati wolakwa ndine.