Kabokosi ka Redi ndi Chipinda Changa cha Pakati

Chaka chimene bondo langa linatupa, mwana wanga wamkazi anabwera ku Mualadzi kudzanditenga. Mtsuko ndinali nditasiya kusenza, kumudzi kulibenso wonditungira madzi. Ndiye ndinapita naye ku Cassacatiza, kumalire, kumene iye ndi mwamuna wake amalemba mapepala a malole pa komputadolo.

Nyumba yake ndi ya pamwamba pa masitolo. Zipinda zitatu zondondozana ngati mizere ya m'munda: chawo uko, changa pakati, sala yochezeramo alendo kumapeto, zitseko zonse zoloza pakhonde limodzi. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Zaka zonsezo ine sindinadyepo iwo akuona. M'nyumba yopanikiza ija tinapezabe njira: akamakwera masitepe ankatsokomola, ine n'kulowa kuchipinda.

Tsiku lina m'mawa ndikuchokera kosamba, nsalu ili pachifuwa, ndinapeza chitseko changa chili pululu. Ndisuzumire, akamwini anga aima pampando, pambali pa mphasa yanga, akuyeza khoma ndi chingwe chachikasu. Pansi pali bambo wina wachilendo, pensulo ili kukhutu. Pamsomali, pafupi ndi chigongono cha akamwiniwo, panali mikanda yanga ya m'chiuno.

Ndinabwerera chambuyo mpaka ndinakhala pa ndowa ya makala.

Mwana wanga anatuluka m'sala atanyamula pepala.

"Amayi, mwatani? Bondo?"

"Bondo lili bwino. Amuna ako akufunanji pogona panga?"

"Akuona poika kabokosi ka redi, intaneti ija. Ya pafoni ikumaduka, oyendetsa malole akutilalatira. Aja ndi amisiri ake."

Anandionetsa pepalalo. Ine zilembo sindizidziwa, koma nyumba ndinaizindikira: timabokosi titatu, ndipo pa kapakati anajambulapo mtanda wofiira. Anati chingwe chidzatsika kuchokera padenga n'kulowa mwa ine, chifukwa kabokosiko kamafuna pakati pa nyumba, pamwamba, kuti mphamvu yake ifike uku ndi uku. Kenako adzaboola khoma kawiri, chibowo china cholowa m'sala, china cholowa kuchipinda kwawo kumene kuli komputadolo yachiwiri.

"Bwereza. Chibowo cholowa kuti?"

"Kuchipinda kwathu. N'chaching'ono, Amayi, ngati chala."

"Ndinakubala ine, ndiye ndizigona ndi chibowo choloza pabedi pako?"

Anaseka pang'ono, ataona nkhope yanga analeka. Ndinamufunsanso ngati kabokosiko akakakhoma ndiye kuti zatha. Anati ayi, nthawi zina kamanyanyala, makamaka magetsi akathima n'kuyakanso, ndiye pamafunika munthu wokazimitsa n'kukayatsa. Munthu wake ndani? Akamwini anga omwewo. Kangati? Mwina tsiku lililonse.

Amuna aja atatuluka ndinalowa, n'kuvala, n'kumanga katundu wanga m'chitenje. Ndinati andipezere njinga yobwerera ku Mualadzi. Kumene ndinkapitako ndinkakudziwa: chitsime chili kutsidya kwa dambo, mwendo umodzi wosaponda. Koma kukhala m'chipinda chimene mkamwini amalowa ngati m'khola la nkhuku, ayi.

Akamwini anga si munthu wamwano. Makolo awo anathawira ku Zambia nthawi ya nkhondo, iwo anakulira m'tauni, m'nyumba zimene anthu amapondana. Zotsokomola pamasitepe anachita kuphunzitsidwa ndi mkazi wawo. Atamva kuti ndamanga katundu anakakhala m'sala chofulatira chitseko, ine pakhonde, mwana wanga pakhomo akunyamula mawu.

"Akuti pepani, m'mutu mwawo munali khoma lokha."

"Uwauze kuti khomalo lili ndi mwini wake."

Mmisiri uja analowererapo. "Agogo, kabokosi kameneka kalibe maso."

"Nanga okayatsawo, maso amawasiya pakhomo?"

Anakanda m'mutu ndi pensulo. Ndinati akaike pakhonde. Anati mvula ndi akuba. Ndinati m'sala. Anati makoma awiri a simenti, mphamvu ikafika kuchipinda cha kumapeto itatheratu. Apo ndi pamene ndinamva kuti chinthucho chimadutsa khoma popanda chibowo n'komwe. Zaka zonsezi ndimayesa khoma ndi khoma.

Mwana wanga anati, "Basi tisinthane. Ife tibwere pakati, inu mupite kuchipinda kwathu."

Mwana amene anavinidwa bwinobwino, anamkungwi n'kumuuza zonse, lero akuti mayi ake akagone pamene iye wakhala akugona ndi mwamuna wake.

"Ku sukulu kuja anakuchotsa zingati m'mutumu?"

Anagwira pakamwa.

Pansi malole akulira, wina akuitana mwana wanga kuti mapepala ake atha kodi. Kenako akamwini analankhula ali chifulatirire, mawu apansipansi, ndipo mwana wanga anawabweretsa.

"Akuti nanga sala ikabwera pakati? Mipando, tebulo la ntchito ndi kabokosi zilowe m'chipinda chanu. Inu mutenge sala. Simunagonepo munthu m'menemo."

Mmisiri anatembenuza pepala lake n'kujambulanso. Chibowo chinatsala chimodzi, cha pakati pa chipinda chawo ndi sala yatsopano. Ndinamuuza andilozere ndi chala pamene pali khoma langa. Panalibe mtanda, panalibe mzere.

"Koma mphamvu ija izifikabe kwanu, agogo," anatero. "Imeneyo sindingaitseke."

"Imanyamula zimene yaona?"

"Siona kanthu."

"Mwaiyesa liti?"

Anangopinda pepala lake. Masana onse anakoka mipando, ine ndili kuseri kwa thanki ya madzi kuti tisakumane pakhonde. Madzulo mwana wanga anabwera ndi nkhuku yoyera, yochokera kwa amuna ake, yopepesera phazi limene linaponda pogona panga. Ndinailandira, n'kumasula chitenje chija.

Chipinda chatsopanocho n'chachikulu, zenera lake limaona msewu wopita ku Zambia. Mphasa ndinayala kukhoma lakutali, ndipo povala ndimafulatira mbali imene kuli kabokosi. Mmisiri uja ndi mwana wa dzana, sangadziwe zonse.