Njira ya Mizere Iwiri

Kwathu ndi kumapiri, ku Ntchisi. Kunyanja ndinabwera ndi ukwati, m'mudzi wina wa ku Liwaladzi, zaka zija azimayi anayamba kuvala zitenje za zipani zosiyanasiyana n'kumakangana pachitsime popanda wowamanga. Mwana wanga woyamba anali asanayambe kukhala pansi. Mvuu ndinkangozimva zikulira chapatali, koma ndinali ndisanazionepo.

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, ndiwo anati tikazione.

"Mukufuna mukanene kwanu kuti kunyanja munangoonako usipa? Berekani mwanayo, tiyeni."

Tinanyamuka m'mawa kutachita mitambo. Tinayenda mumchenga kulowera kumene kamtsinje kena kamathira m'nyanja. Mphepo kunalibe. Madzi anali otuwa ngati phulusa, ndipo kutali tizilombo touluka tija amati nkhungu tinaima pamadzi ngati utsi wa nyumba yopsa. Masiku amenewo sindinkayankhula pokhapokha andifunse.

Chakumapeto kwa mchenga tinapeza asodzi akusoka maukonde.

"Akumapiri akukaona ng'ombe za m'madzi!" anatero wina. "Mukatikamireko mkaka!"

Alamu anaima n'kuyamba kubwezerana nawo nthabwala. Mwana anadzuka kumsana nayamba kufunafuna bere. Pakati pa asodziwo panali amalume awo a amuna anga, ndiye kumasula bulauzi pamaso pawo kunandikanika. Ndinapitirira ndekha mwakachetechete mpaka pamene bango limayambira.

Pamenepo ndinaona njira yolowa m'bangomo, yotakata, yopondeka bwino. Inali ya mizere iwiri, pakati pali kamzere ka udzu, ngati modutsa kangolo. Kwathu njira yotere imapita kudimba. Ndinaitsata pang'ono mpaka inakhotera kumadzi, n'kukhala pa kaudzu ka pakatiko, mwana n'kumuika kubere.

Masamba a bango anali opakika ndowe mpaka mofika m'chiuno mwa munthu. Ndinadabwa kuti ndi ng'ombe yanji imachita zotere, koma sindinaganize zambiri. Kutsogolo kwanga, kumene njira inkathera, kunali madzi ndi miyala yakuda yosalala. Mwala wina unagwedeza khutu.

Zinali mvuu, zambiri, zina mphuno ndi maso okha. Ndinasangalala kuti ndaziona ndekha, popanda wondilozera. Kenako ndinazindikira kuti zonse zikuyang'ana kumene ndinakhala. Palibe inalira. Ina inamira, n'kuvuukira pafupi popanda ngakhale kafunde. Timbalame tomwe tinkasokosera m'bango tinangoti zii. Chomwe chinkamveka ndi kumeza kwa mwana basi. Ndinamufunditsa chitenje kumutu, poganiza kuti zikuyang'ana iyeyo.

Pansi pamene ndinakhala panayamba kunjenjemera pang'onopang'ono. Kumbuyo kwanga, kumtunda, china chinapuma mpweya wautali.

"Mlamu." Anali mawu a alamu, otsika kwambiri, kuchokera m'bango cha kumanja kwanga. Anali atatsata mapazi anga. "Musaimirire. Musamuchotse kubere. Dzikhwekhwerezeni kuno."

Ndinadzikoka ndi dzanja limodzi, lina litagwira mutu wa mwana. Bango linandicheka m'miyendo, matope anandifika m'chiuno. Alamu anandigwira pakhosi pa bulauzi n'kundikokera mkati, ndipo tinakhala chete, chibwano chawo chili paphewa langa.

Mvuu inatulukira pokhota paja ikuyenda mosafulumira. Inadzaza njira yonse. Nthiti zake zinkakhula bango mbali zonse ziwiri, khungu lili ndi zipsera zazitali, kukamwa kukulendewera mapesi a mpunga. Fungo lake linali la matope owola. Itafika pomwe ndinakhala paja inaima, mphuno pansi.

Nthawi yomweyo mwana analavula bere. Anatsegula maso, nkhope n'kuyamba kukwinyika. Ndinamukanikizira pachifuwa mwamphamvu moti ndinaopa kuti ndimutseka mphuno. Anaphiriphitha, kenako anagwiranso n'kuyamba kuyamwa.

Mvuu ija inadzutsa mutu, inaponda kachipewa ka mwana komwe kanagwa m'njiramo, n'kutsetserekera m'madzi. Apo m'pamene zinzake zinayamba kulira, zonse pamodzi.

Tinatuluka chokwawa. Titafika pamchenga alamu anakhala pansi.

"Njira ya mizere iwiri kuno si ya anthu," anatero. "Mwendo wina uku, wina uku. Kukachita mitambo imachedwa kuminda ya mpunga, ndipo ikamabwerera sipatukira munthu. Munalowamo kukatani?"

Ndinawauza.

"Bere lomweli? Amalume aona mabere ambiri kuposa chambo chomwe agwira moyo wawo wonse."

Pobwerera mwana analiranso tili pakati pa asodzi aja. Ndinakhala pamphepete pa bwato, matope akuuma m'miyendo, n'kumasula bulauzi. Palibe anatembenuka. Amalume, maso ali pa ukonde, anangofunsa kuti, "Mwaziona, apongozi?"

Ndinati eya, ndaziona. Kachipewa kaja sitinakatenge.