Nambala Imene Inamaliza Choko

Aphunzitsi athu a masamu mu giledi teni anali ndi lamulo limene ankalinyadila kuposa njinga yawo: wobweletsa funso loti iwo alephele kuyankha pofika Lachisanu, sagwila chikwakwa temu yonse. Palibe anali atapambanapo. Ine ndi udzu wa pa gilaundi ya mpila sitinagwilizanepo chibadwile, ndiye ndinaganiza zoyesa.

Sabata imeneyo tinali pa mapulaimu, manambala aja okana kugawika ndi nambala ina kupatula wani ndi iwo eni. Kumapeto kwa buku kunali mndandanda wake. Loweluka, atate akuyesa kuti ndikusankha fodya m'chigafa, ndinatolamo mapulaimu atatu akuluakulu n'kuwachulukitsa pamodzi pa pepala la thumba la feteleza. Inatuluka nambala yaitali ngati mzele wa chimanga, manambala khumi ndi awili kundanda.

Lolemba ndinailemba pa bolodi. “Aticha, iyi ndi pulaimu kapena ayi?”

“Iwe, mafunso a ana a giledi faivi,” anatelo akupinda manja a shati. Kakyuleta ankaitcha ndodo ya aulesi, choncho anayamba ndi choko. Thuu anakana. Filii anakana. Seveni, leveni, satini, onse anabwela ndi zotsala. Belu linalila ali pa fote wani.

Pofika Lachitatu anali atabweleka choko ku kalasi ya Chingelezi. Anzanga ankawalonjela mwaulemu wonse, “Monile aticha, mwafika pati?” Iwo n'kuyankha, “Khalani pansi!” Sitinaphunzile kanthu sabata yonse, ndipo sindinamvepo wodandaula.

Lachisanu anaika choko pansi. “Chabwino. Ndalephela. Koma wofunsa adziwe yankho. Bwela utionetse.”

Ndinayenda ngati mkwati. Ndinalemba mapulaimu anga atatu n'kunena kuti siyo pulaimu, makolo ake ndi awa. Iwo anachulukitsa kalasi yonse ikuona. Atafika pakati anaima, n'kumwetulila koyamba sabata imeneyo.

“Mwana wanga, wani amene unasunga apa unamusiya kuti?”

Ndinamusiya m'chigafa. Ndinaiwala kumuwonjezela pamene atate anasuzumila. Nambala ya pa bolodi sinali mwana wa mapulaimu anga. Inali yachilendo, yopanda mwini, ndipo ngakhale ine sindinkadziwa ngati imagawika.

Anandipatsa chikwakwa ndi mbali yonse ya kuseli kwa golo, kumene udzu umafika m'chiuno. Manja anatuluka matuza, inde. Koma gilaundi yathu yayang'anana ndi windo la stafu lumu, ndipo masana aliwonse ndikawongola msana ndinkawaona ataŵelamila pepala, akugawabe. Pa bolodi analetsa kufufuta ngodya imene panali nambalayo.

Udzu ndinamaliza m'masiku anayi. Iwo, nditafunsa mwaulemu sabata yatha, anati adutsa naini handiledi ndipo ndichoke pamaso pawo.