Galasi Lakuda la a Agustino

Ngolo iliyonse yonyamula fodya kuno ku Chisepo inadutsapo m'manja mwa a Agustino, mmisiri wowotcherera zitsulo. Anali munthu wamakani, ndipo makaniwo ndi amene amandipsetsa mtima mpaka lero.

Chaka china galasi la pachigoba chawo chotchinga kumaso linasweka. M'malo mofuna lina, anatola chidutswa cha galasi la pawindo, n'kuchifukiza pa koloboyi mpaka mwaye unagwira bii, n'kuchilowetsa pachigobapo.

"Lakuda ndi lakuda basi," ankatero.

Maso anayamba kuwawa ngati mwalowa mchenga. Akazi awo, a Felista, ankadula mbatatesi n'kuwayika pazikope, ululu n'kuchepa, bambo n'kubwerera kumoto kwawo. Mwaye ukafufutika ankafukizanso. Anzawo akawadzudzula ankaseka, amvekere maso a mwamuna salira utsi. Zaka zinapita choncho.

Atayamba kuwotcherera pambali pa mng'alu, mwana wawo Diana, yemwe amaphunzitsa ku Chezi, anawakokera kuchipatala. Adokotala anafotokoza kuti moto wowotchererawo uli ndi kuwala kwina kosaoneka, kumene kumapsereza diso. Galasi lenileni limasefa kuwalako. Mwaye sutero: umangochititsa mdima, kamwana ka m'diso n'kutseguka kwambiri, choipacho n'kulowa mwaufulu. Ng'ala imene inali itamera m'masomo ikanatha kuchotsedwa, koma mkati mwa maso munali mutapsa kale.

A Agustino sanavomere. Ankati vuto ndi galasi chabe, likapezeka labwino ntchito iyambiranso. Makina anachita dzimbiri iwo akunena zomwezo, ali khale pakhonde, chigoba chopanda galasi chili pamwendo.

Loweruka lina Diana anabwera nalo galasi lenilenilo kuchokera ku Lilongwe. Ine ndinalipo, ndinkadzatenga khasu langa.

"Ababa, ndakugulirani lija."

Nkhope yawo inawala. Diana akulimbana ndi pepala lokulungira, iwo anaganiza kuti walowetsa kale. Ananyamula chigoba, anachivala, n'kutembenukira kumene dzuwa linkawatentha patsaya. Anayang'ana nthawi yayitali kudzera pabowo lopanda kanthu.

"Eya, ili ndiye lenileni," anatero. "Lakuda bwino, mwanawe. Ngakhale dzuwa silikudutsa."

A Felista analowa m'nyumba. Galasi linali likadali m'manja mwa Diana.