Mlendo wa M'chipinda Chozizira

Ba Blackson Kamanga anabadwira ku Matero mu mzinda wa Lusaka, m'nyumba ya khansolo imene bambo awo anapatsidwa atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji. Mpaka lero amakhala momwemo ndi akazi awo, Ba Dyness. Ku Malawi sanapondeko, koma lilime la bambo awo linawakanirira. Anzawo akamati "vinthu" iwo ankati "zinthu", moti pa siteshoni ya minibasi aliyense ankangowatchula kuti Ba Malawi.

Kuyambira unyamata wawo ankagwira ntchito ku bwalo la ndege, kukweza ndi kutsitsa katundu wa kampani ina yaikulu ya ndege. Masutikesi, makatoni a mankhwala, anapiye olira m'mabokosi oboola, zonsezo zinadutsa m'manja mwawo. Nthawi zina ndege inkabweretsa mtembo wa munthu amene wafera kunja. Zikatero anzawo ankapeza chozembera, koma Ba Blackson ankavula chipewa, n'kugogoda pang'ono pa bokosi, n'kumuuza womwalirayo kuti wafika, kuno ndi ku Lusaka, abale ake akudikira panja. Bambo awo ndiwo anawaphunzitsa kuti maliro sanyamulidwa mwakachetechete ngati thumba la chimanga. Munthu amauzidwa njira, kuopa kuti angasochere.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, antchito onse a pansi anaitanidwa ku kantini. Bwana wina wochokera kunja anawauza kuti kampani sikhalanso ndi antchito akeake pa bwalolo. Maulendo a ku Lusaka awapereka kwa kampani ina yaing'ono ya ndege, ndipo zonyamula katundu zapita kwa kontrakitala. Wofuna ntchito akalembetse kwa kontrakitalayo ngati munthu watsopano. Panalibe amene anakuwa. Anthu anangoima pamzere n'kumabweza mayunifolomu, ndipo ali pamzerepo anamva ndege yomaliza ya kampani yawo ikutera. Amene anaitsitsa katundu anali anyamata aganyu amene palibe ankawadziwa.

Kontrakitala anatenga ochepa, ndipo Ba Blackson anali m'gulu la otengedwawo. Anabwerera pa malo omwewo atavala jekete ya mtundu wina, yopanda dzina pachifuwa. Malokala a anzawo anali pululu, zitseko zili yasa, maina atapalidwa ndi mpeni. Pa benchi pamene ankadyera ndi Ba Mpundu, mnzawo wa zaka zambiri amene anasiyidwa, panali pakadali kapu yawo ya pulasitiki, tiyi ataumiramo. Alonda a pa geti, amene kale ankawafunsa za ana, tsopano ankayang'ana khadi m'malo moyang'ana nkhope. Ba Blackson anauza akazi awo kuti akumva ngati munthu amene wabwera kudzaona nyumba yake atamwalira kale.

Kapitawo watsopano anali mtsikana wodekha dzina lake Tiza. Anawatuma ku chipinda chozizira, kumene ankasungako maluwa ndi nyemba zaziwisi zopita kunja. Kumeneko, kuseri kwa makatoni a maluwa, anapeza bokosi lalitali lokutidwa ndi chiguduli. Sanafunse kuti muli chiyani. Chipepala chimene chinamatidwa pamwamba chinali chitanyowa, inki itasungunuka, dzina losawerengeka.

Tiza anati bokosilo linabwera pa ndege yomaliza ija, choncho si katundu wa kontrakitala. Kampani yaing'ono inati sindiyo inalinyamula. Ofesi ya kampani yakale inali yokhoma, mipando itasanjikizidwa mkati, ndipo foni yawo inkayankhidwa ndi mawu ojambulidwa a mzimayi wa dziko lina. Bokosilo linangokhala.

Anyamata atsopano anayamba kukana kulowa m'chipindamo. Ankati madzulo amalisiya litagona motsatira khoma, koma m'mawa amalipeza litatembenuka, kumiyendo kutaloza ku chitseko. Ba Blackson anawauza kuti ndi ngolo zonyamulira makatoni zimene zimaligunda. Koma tsiku lotsatira nawonso analipeza litasendera, ndipo maluwa a m'makatoni oyandikana nalo anali atada m'mphepete ngati awauka ndi moto. Anaimirira nthawi yaitali akumvetsera kulira kwa makina oziziritsa. Kenako anavula chipewa n'kugogoda.

"Pepani, achimwene. Munafika kalekale, koma panalibe wokuuzani. Kuno ndi ku Lusaka. Abale anu sitinawapeze, koma musataye mtima."

Kuyambira pamenepo ankalowa m'mawa uliwonse kukamulonjera. Ankamuuza kuti kunja kwatentha, mitengo ya m'mbali mwa msewu yachita maluwa, mvula ili pafupi. Bokosilo silinasunthenso.

Kunyumba Ba Dyness anaona kuti manja a amuna awo sakufundanso, ngakhale atagwira kapu ya tiyi wotentha. Tsiku lina akuchapa kuseri, dzuwa lisanalowe, anamva geti ikutseguka ndi mapazi a anthu awiri akuyenda pa miyala. Anapukuta manja kuti akalandire mlendo, koma anapeza amuna awo ali okha, akuvula nsapato pakhomo. Atawafunsa kuti abwera ndi ndani, Ba Blackson anakhala pansi n'kuwafotokozera zonse. Ba Dyness anafuna kuti nkhaniyo ipite kwa abusa, koma amuna awo anati munthuyo sanawalakwire, wangosowa womulankhula.

Lamlungu lina masana, atabwera kutchalitchi, anapeza mayi wina atakhala pa njerwa pafupi ndi geti yawo, atavala chitenje chakuda. Anati dzina lake ndi Luse Nkole, amakhala ku Kalikiliki. Mlongo wake Mwaba ankagwira ntchito yosamalira okalamba kutsidya kwa nyanja, ndipo anamwalira komweko. Anzake a kumeneko anasonkherana n'kutumiza mtembo. Koma iye atapita ku bwalo la ndege, ofesi iliyonse inkamulozera ku inzake, mpaka wina anamuuza kuti mwina mtembowo sunanyamuke n'komwe. Tenti ya maliro inaima pakhomo mpaka eni ake anadzaitenga, ndipo olira anabalalika opanda woika m'manda.

Ba Blackson anamufunsa kuti nanga kwawo kuno wakudziwa bwanji. Luse anayang'ana pansi. Anati amayi ake ndi okalamba, saona, ndipo mutu wawo unayamba kusokonezeka. Dzulo lake masana anawapeza akulankhula okha m'chipinda, nkhope ataloza pa mpando wopanda munthu.

"Ananiuza ati, Mwaba anali pano manjemanje. Akuti kwamene ali kuzizira maningi, koma kuli mudala umodzi amene amakamba naye. Akamba monga wa ku Malawi, ankhala ku Matero." Luse anadzutsa mutu. "Nabwela chabe kufunsa pa siteshoni. Makondakitala ananilangiza pano."

Ba Dyness anadzuka n'kukatseka chitseko cha nyumba, ngakhale onse anali panja.

M'mawa mwake Ba Blackson anapita ndi Luse kwa Tiza. Luse anali ndi chithunzi mu foni, chimene anzake a Mwaba anajambula asanatumize bokosi, ndipo pa chiguduli pankaoneka mtanda wofiira wolembedwa ndi dzanja. Tiza anayamba ndi kunena kuti nkhaniyo si ya kontrakitala, ndipo akaigwira akhoza kuchotsedwa ntchito. Ba Blackson sanatsutsane naye. Anangomupempha kuti apite akaone ngati mtandawo ulipo.

Tiza anatsegula chipinda chozizira, koma chitseko chinangotseguka pang'ono n'kugunda chinthu. Bokosilo linali pakhomo penipeni, kutali ndi khoma limene linkakhala, mtanda wofiira uli pamwamba. Anachita kulowa chammbali. Luse anagwada pa simenti yozizirayo n'kuyamba kulira chapansipansi, akutchula dzina la mlongo wake.

Tiza sanabwererenso ku mawu ake aja. Tsiku lonse anali pa foni, akuyenda uku ndi uku pakati pa a kasitomu, a zaumoyo ndi mabwana ake, mpaka mlomo unauma. Dzuwa litapendeka, bokosilo linatulutsidwa.

Analikweza pa kagalimoto ka mpingo wa Luse. Ba Blackson anakana kukhala kutsogolo. Anakhala kumbuyo, dzanja lili pa bokosi, akumuuza Mwaba njira: kuti tsopano atuluka pa geti, alowa mumsewu waukulu, adutsa Chelstone, akhotera ku Mtendere. Atafika pa kamlatho kolowera ku Kalikiliki anamuuza kuti akuwoloka madzi, asaope. Mitambo inali itada, ndipo mphepo inkaulutsa mapepala m'tinjira ta kompaundi. Azimayi ogulitsa tomato anaimirira m'mbali mwa msewu, ana anasiya mpira.

Pakhomo, amayi a Mwaba anatulutsidwa atagwiridwa mkono. Anapapasa bokosilo kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Ba Blackson anati apepese maliro monga mwa mwambo, koma atangotsegula pakamwa, mayiwo anatembenuza nkhope n'kuwaloza ndi chibwano.

"Ni aba," anatero. "Mawu ni yamene aya."

Ba Blackson anakhala nawo mpaka Mwaba anaikidwa m'manda. Pobwerera ku Matero mvula yoyamba inawapeza m'minibasi, ndipo anaona kuti akutuluka thukuta m'manja.

Chaka chotsatira ntchito ya pa bwalo inapatsidwa kwa kontrakitala wina wotchipa. Ameneyo anati akufuna anyamata, ndipo Ba Blackson sanatengedwe. Tiza nayenso anasiyidwa. Masiku ano Ba Blackson amapakira katundu m'mabasi a maulendo ataliatali m'tauni. Msana umawavuta, koma madalaivala amawakonda chifukwa katundu wopakira iwo sasweka. Tiza ali ndi kashopu ka zamafoni pafupi ndi pamenepo, ndipo amapatsana moni tsiku lililonse.

Kamodzi kokha, pa nthawi ya nkhomaliro, Tiza anawaitana n'kuwafunsa ngati anali iwo amene anakokera bokosi lija pakhomo kuti amuchititse mantha. Anati sakwiya, akungofuna kudziwa. Ba Blackson anamuuza kuti Loweruka ndi Lamlungu limenelo sanapite kuntchito, ndipo ankaganiza kuti ndi anyamata aja.

Tiza anapukusa mutu. Anati Lachisanu madzulo anakhoma yekha chipindacho, bokosi lili kukhoma, ndipo kiyi anagona nayo m'chikwama mpaka Lolemba.

Kenako kondakitala wa basi ya ku Chipata anaitana kuti kwabwera matumba a fetereza, ndipo Ba Blackson anadzuka pang'onopang'ono, atagwira m'chiuno, n'kupita kukapakira.