Mayi Amene Anakana Kugwadiridwa

Utolankhani ndinausiya ku Lilongwe. Mumzinda wa Perth ndinapeza ntchito m'dera la Midland, panyumba yosamalira okalamba, ndipo anandilemba mongondiyesa kaye.

M'chipinda chakumapeto munkakhala mayi wina wa ku England, woyenda pampando wa matayala. Tsiku loyamba ndinawatengera tiyi, ndipo popereka kapu ndinagwada monga ndinaleredwera. Sanailandire.

"Dzukani," anatero. "Muno munthu sagwada."

Mawa lake mawondo anapindika okha, ndinagwadanso. Masana bwana anandiitana. Mayiwo anali atadandaula, ndipo dandaulo lina likadzabwera, ntchito idzathera pomwepo.

Ndinafuna kudziwa chifukwa. Pakhoma pawo panali zithunzi ziwiri. China chinali cha mtsikana wovala diresi loyera ndi magolovesi opitirira zigongono. Chinacho chinali cha munthu yemweyo atakula, ali pamwamba pa lole, chimkuzamawu kukamwa. Ndinafunsa ndili chiimire, mumtima ndikumva ngati ndikutukwana.

Bambo awo, anandiuza, anali a m'mabanja olemekezeka a dziko lawo, a minda yambiri ndi antchito ambiri. Mtsikana wa m'banja lotere akakula ankapita naye kunyumba yachifumu kukaonekera kwa mfumukazi, kenako magule motsatizana mpaka apeze mwamuna. Ulemu wopereka kwa mfumukaziyo ankachita kuphunzira kwa mphunzitsi: phazi lamanzere kumbuyo, bondo kuseri kwa linzake, kutsika msana uli wowongoka, mutu kuwerama pomaliza.

"Ndiye chinamwali chimenecho," ndinatero, n'kuwafotokozera za chathu.

"Za amuna ankakuuzani?"

"Zambiri."

"Chanu chinali ndi phindu. Ife ankangotiuza kuti tisagwe."

Chimene sanaiwale si mfumukazi. Ndi mayi amene anawasokera diresi, wamkulu kuposa mayi awo, atagwada pansi, mapini kukamwa, kuyeza mpendero. Pomaliza analephera kudzuka, ndipo m'chipindamo palibe anatambasula dzanja. Mtsikana wa pachithunzi uja anadzalowa chipani cha anthu apantchito, bambo ake n'kusiya kumuyankhula. Anakhala khansala, kenako phungu. Ku Perth anabwera atakalamba, kutsatira mwana wawo wamwamuna.

"Kwathu bwana sindimugwadira," ndinatero. "Ndimagwadira amayi anga. Kuimirira pamutu pa munthu wamkulu atakhala n'chipongwe."

Anandiyang'ana kanthawi.

"Ndiye mukaima, mukundinyoza ine. Mukagwada, ndikukunyozani inu."

"Zili choncho, mayi."

"M'khonsolo nkhani zotere tinkathana nazo pomwepo, sitinkapita nazo kunyumba."

Anadina belu n'kuitanitsa bwana. Mawu awo anasintha, anakhala a munthu wa pa lole uja. Dandaulo analichotsa, ndipo anapempha kampando kakafupi, koti kazikhala pambali pa bedi. Bwana anayamba kunena za malamulo a katundu wa m'zipinda. Mayiwo anamudikira amalize, n'kubwereza pempho lawo mawu omwewo. Kampandoko kanabwera kuchokera kubafa, kapulasitiki, koyera.

Kuyambira pamenepo tiyi ndinkapereka nditakhala, mutu wanga uli m'munsi pang'ono mwa wawo. Zimenezo mayiwo anaziona, n'kuzisiya choncho. Ntchito bwana anandilemba yokhazikika.

Funso limodzi lokha mayiwo ankalibwereza: munthu amatsika bwanji mpaka pansi, kapu yodzaza ili m'manja, tiyi osatayika? Ndinawauza kuti sindikumbukira amene anandiphunzitsa.

"Onetsani," anatero. "Kamodzi kokha. Koma muyang'ane kuzenera, osati kwa ine."